Nsapato za Ababa m'Kanema wa Nkhondo

Ine anandilanda sukulu. Ababa anawalanda nkhope. Zonse ziwiri zinapita chifukwa cha nsapato.

Zinali zakuda, zachikopa, zomanga ndi zingwe. Ababa anazigula kutsidya, ku Muloza, atagulitsa nyemba za chaka chonse, ndipo mudzi wonse unawaona akusenza matumbawo. Kwathu, kufupi ndi Majaua, panalibe mwamuna wina wokhala ndi nsapato zenizeni. Ena ankavala zamatayala, ambiri ankaponda pansi. Ababa ankavala zawozo Lamulungu lokha. Ankazikoleka paphewa mpaka pamtengo wa mango wa pafupi ndi tchalitchi, n'kupukuta mapazi ndi udzu, n'kuvala. Misa ikatha ankavulira pamtengo womwewo. Loweruka lililonse ine ndinkazipaka mafuta a nsatsi. Palibe amene analowetsamo phazi, ngakhale ine mwana wawo woyamba.

Za nkhondo ya ufulu kwathu ndikudziwa zochepa, koma zochepazo n'zoona. Paphiri la kuseri kwa minda yathu panakhala anyamata a mfuti kwa miyezi ingapo. Sanali ambiri, ndipo ankavutika ndi malungo. Ababa ankawapititsira mchere ndi makaka a chinangwa, atabisa pansi pa mbewu m'dengu, ngati akupita kumunda. Tsiku lina anyamatawo anawamba nyama ya mbuzi masanasana. Utsi unakwera, asilikali a Apwitikizi anauona ali pamsewu. Pamene ankafika pamwamba, anyamata anali atamva kale malole n'kuthawira ku Ruo. Asilikali anaombera mphika wa anyamatawo, n'kudya mbuzi ija, n'kutsika.

Nkhondo ya kwathu ndi imeneyo. Palibe anafa. Palibe anaulula. Kwina anthu anafa ndithu, ndikudziwa, ndipo sindikuwaseka. Ndikungonena za phiri lathu.

Ufulu utabwera, patapita zaka ziwiri kapena kuposa pang'ono, kunafika lole ya boma ndi amuna atatu. Mkulu wawo anali wandevu, wa magalasi, wolankhula Chipwitikizi chokha. Wachiwiri anali mzungu wowonda, wonyamula makina ojambulira. Wachitatu anali dalaivala, munthu wamfupi wokonda kuseka, yemwenso ankakoka nthambo ndi kuliza injini. Mlembi wa mudzi anaitana msonkhano n'kumamasulira. Anati abwera kudzajambula kanema wa nkhondo ya paphiri, kuti dziko lonse lidziwe zimene anthu a kuno anachita.

Akuluakulu anayang'anana. Mmodzi anakhosomola n'kufotokoza za mbuzi ndi utsi.

Wandevu uja anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anavula magalasi n'kunena, mlembi akumasulira: "Makamarada, utsi sungazengedwe mlandu. Anthu sangadane ndi utsi. Tikufuna munthu amene analondolera adani kuphiri."

"Kunalibe," anatero mkulu uja.

"Kuno kunalibe, kwina analiko. Ndi dziko limodzi."

Anayamba kusankha anthu. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ndi munthu wamtali wa chifuwa chachikulu. Nthawi yonse ya nkhondo anali ku Mulanje kuthyola tiyi, anabwerera mbendera itakwera kale. Wandevu anangowayang'ana kamodzi n'kuwaika kukhala mkulu wa anyamata a mfuti. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, atsibweninso anaseka nawo.

Kenako inafika nkhani ya wogulitsa anzake. Wandevu anati munthu wotere ayenera kuvala nsapato, kuti oonera azindikire msanga kuti mzungu wamulipira. Mitu yonse inatembenukira kwa ababa.

"Alamu, ingobwereketsani nsapatozo," anatero atsibweni. "Avale wina."

"Avale ndani?" anafunsa ababa. "Inu, ndi zidendene zong'ambika ngati dambo la m'chilimwezo?"

"Ine ndine komandante, alamu, sindivala za atsamunda."

"Ndiye palibe avale. Nsapato zanga zimadziwa phazi limodzi."

"Ndiye lowanimo nokha!"

Ababa analowamo okha. Amayi anawakoka malaya, iwo anawachotsa dzanja. Koma sanali opusa. Anafunsa kudzera kwa mlembi kuti nanga anthu a kutali, osawadziwa, akadzaona adzati chiyani. Wandevu anayankha kuti kumapeto kwa kanema aliyense amalemba maina, ndipo amanena poyera kuti awa anali kungosewera. Ababa anagwedeza mutu. Ndinali pomwepo. Ndinamva ndi makutu angawa.

Anajambula masiku atatu. Asilikali a Apwitikizi anali anyamata a m'mudzi mwathu momwe, atavala zipewa zachitsulo, ojambulidwa kumsana kuti nkhope zisaoneke. Mzungu wowonda uja anavala yunifolomu n'kukhala kapitawo wawo, wandevu n'kugwira makina yekha. Ntchito ya ababa inali yolandira botolo la vinyo kwa mzunguyo n'kuloza phiri ndi chala. Analoza kasanu ndi kawiri, chifukwa nthawi zonse ankalandira botolo ndi manja awiri atawerama pang'ono, monga munthu woleredwa bwino, ndipo wandevu ankafuna kuti alitsomphole mwadyera. Tsiku lachitatu atsibweni anathamanga kutsika phiri ndi mfuti yopanda zipolopolo, anyamata a zipewa anagwa m'maudzu monga anauzidwira, ababa anamangidwa ndi luzi, akazi n'kuuzidwa kuti awakuwize. Amayi anakana. Anawachotsa pamzere.

Madzulo ake mudzi wonse unali chiseko. Aliyense amene anasewera analandira sopo. Kwa milungu ingapo anthu akakumana ndi ababa ankati, "Tilozereni phiri, akulu," iwo n'kuloza, onse n'kuseka. Kenako mvula inagwa, tinalowa m'minda, nkhani inaiwalika.

Chaka chotsatira ndinapita kusukulu ya ku Milange. Kuchokera m'mudzi mwathu ndinali ndekha. Ndinkagona kwa wachibale wa amayi pafupi ndi msika, ndikumutungira madzi ndi kumuwazira nkhuni. Masamu ndinkawatha, Chipwitikizi ndinkachiwerenga kuposa onse m'kalasi. Zinanditsalira zaka ziwiri kuti nditenge pepala lopitira ku maphunziro a zaulimi. Ndinkadziona kale nditakwera njinga ya boma, ndikuyendera minda ya anthu. Sindinkafuna zambiri.

Kanema anafika tsiku lina lotentha. Anationetsera m'nyumba yaikulu yosungiramo tiyi, masana, mazenera atatsekedwa ndi ziguduli. Sukulu yonse inapita pamzere, anthu a kumsika anadzaza kumbuyo. Ambiri aife tinali tisanaonepo zithunzi zoyenda. Anayamba ndi zinthu zenizeni: mbendera ikukwera mumzinda waukulu, ana akubayidwa katemera, akuluakulu a dziko akutsika ndege. Kenako, osapumira, osanena kanthu, panatulukira phiri lathu. Palibe amene anaima n'kunena kuti zoona zathera apa, apa payamba sewero. Nsalu yoonetserapo inali yomweyo, kuwala komweko, mawu a munthu wofotokoza omwewo.

Anayamba kuonetsa nsapato. Nsapato zokha, zikuponda fumbi, zikunyezimira ndi mafuta anga a nsatsi. Kenako chithunzi chinakwera pang'onopang'ono mpaka pankhope. Nkhope ya ababa inadzaza khoma lonse.

Nyumba inaphulika. Ana anaponya nthangala za mango pansalu. Mayi wina kumbuyo analira mokweza kuti mwana wake anafa chifukwa cha anthu ngati ameneyu. Mwina ankanena zoona. Aphunzitsi anakweza chibakera n'kufuula, "Abasho wogulitsa anzake!" Ndiwo mawu amene tinkatsitsira nawo adani pamisonkhano. Onse anayankha, "Abasho!"

Inenso ndinayankha. Ndinakweza dzanja n'kuyankha. Ndikulemba izi kuti wina asandiyese wolimba mtima.

Ndinadikira kumapeto. Ndinadziuza kuti maina akubwera, ndidzaloza n'kuuza anzanga, tidzaseka. Atsibweni anaimika mbendera paphiri, nyimbo inalira, nsalu inayera. Panalibe dzina ngakhale limodzi. Anachotsa ziguduli pamazenera, tinatuluka.

Sindinauze munthu. Ku Milange palibe ankawadziwa ababa, ndipo ine ndinafanana ndi amayi. Ndinaganiza kuti kanema ndi chinthu chodutsa: lole yabwera, lole yapita.

Buku silidutsa. Linabwera miyezi ingapo pambuyo pake, kabuku kopyapyala ka mbiri ya nkhondo, kamodzi pa ana asanu. Aphunzitsi athu, amene tinkawatcha purofesoro, anali mnyamata wochokera kumwera, wosaposa ine ndi zaka zambiri. Sanali woipa. Ankakhulupirira chilichonse chosindikizidwa. Anatsegula tsamba lina n'kundiitana kutsogolo, poti ine ndiye ndinkawerenga bwino.

Patsambalo panali ababa, botolo kudzanja lamanzere, chala cholozera phiri kudzanja lamanja. Pansi pake analemba kuti uyu ndi wogulitsa anzake akulondolera adani kumsasa wa omenyera ufulu, ndipo chithunzichi chinapezeka m'matumba a asilikali a atsamunda.

"Werenga," anatero purofesoro.

Ndinaima duu.

"Wagona? Werenga."

"Awa ndi ababa anga."

Wina kumbuyo anaimba mluzu.

"Wati chiyani?"

"Ndi ababa. Ankasewera. Chithunzichi sichinapezeke m'thumba la munthu aliyense, anajambula ndi anthu a kanema, ine ndili pomwepo. Mzunguyo si msilikali, ndi wonyamula makina. M'botolomo munali madzi."

"Ukunena kuti buku la anthu likunama?"

"Ndikunena kuti m'botolomo munali madzi."

Ana anaseka. Kusekako ndi kumene kunandipha. Purofesoro anandigwira pamkono n'kupita nane kwa mkulu wa sukulu.

Mkulu wa sukuluyo, a diretoro, anali munthu wachikulire wa kwathu konkuno, wolankhula Chinyanja ndi Chilomwe ngati tonsefe. Anatulutsa purofesoro, n'kutseka chitseko, n'kundiyankhula m'chinenero chathu.

"Mwanawe, mwina ukunena zoona. Ine sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwa. Koma wanena pamaso pa ana makumi anayi, ndipo pofika madzulo nkhani ikhala ili kuboma. Ndikupatsa sabata. Ubwere ndi mboni ziwiri za kwanu, zosakhala amayi ako, kapena kalata ya mlembi wa mudzi yokhala ndi chidindo. Zikakanika, udzaima pambendera Lolemba, udzawerenga zimene ndikulembere, ndipo nkhani idzatha."

"Mudzalemba chiyani?"

"Kuti unanama chifukwa cha manyazi, kuti bambo ako ndi amene buku likunena, ndipo iwe suli nawo mbali."

Ndinatuluka ndikuseka mumtima. Mboni ziwiri? Mudzi wonse unalipo. Mudzi wonse unalandira sopo.

Ndinayenda tsiku ndi theka. Ndinafika n'kupeza mudzi wathu utasanduka wina. Kanema anali atafika kumeneko kawiri. Ulendo woyamba anthu anaseka podziona. Ulendo wachiwiri panabwera akuluakulu ochokera kuboma, ndipo pamaso pawo panalibe woseka. Tchalitchi chinali chitatsekedwa, ankasungiramo chimanga. Mlembi wakale anasamutsidwa, watsopano anali mlendo, ndipo chimene ankadziwa za ababa chinali cha pansalu chokha. Anali atawakaniza kale chikalata choyendera, moti sakanatha kupita ngakhale kumsika wa ku Milange. Kusitolo ya mudzi, mchere ukabwera, ababa ankaima kumapeto kwa mzere. Munthu amene ankasenzera mchere anyamata a paphiri.

Ndinayamba ndi atsibweni. Ndinawapeza pakhonde, atavala chipewa chobiriwira chimene sindinachionepo. Anthu tsopano ankawatcha komandante osaseka. Pamisonkhano ankakhala kutsogolo. Ana a sukulu ankabwera kudzamva m'mene anatsikira phiri.

"Mphwanga! Wanenepa ndi mpunga wa m'tauni."

Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse.

"Iii, nkhani yovuta," anatero, akuyang'ana kumsewu.

"Yovuta pati, atsibweni? Mungokanena kuti linali sewero."

"Ndikanene kwa yani? Kuboma? Ndikawauze kuti chimene boma lajambula n'chabodza?"

"Mukawauze kuti inu munali ku Mulanje kuthyola tiyi."

Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Iwe, chepetsa pakamwa. Ku Mulanjeko ukudziwa chimene ndinkachita? Unalipo?"

"Munkatitumizira shuga m'kachitini."

"Ntchito zina zinali zachinsinsi. Si zonse zouza ana."

Ndinawayang'anitsitsa kuti ndione ngati akuseka. Sankaseka. Anali ataonera kanema uja kawiri, ndipo anali atayamba kukumbukira kulira kwa zipolopolo.

"Ndinu amene munati alowemo okha."

"Ndinati abwereketse nsapato. Anakana ndani? Bambo ako ndi munthu wonyada, mphwanga. Uwauze."

Ndinapita khomo ndi khomo kwa masiku atatu. Anyamata amene anavala zipewa zachitsulo anati iwo nkhope zawo sizinaoneke, ndiye asaputidwe. Mkulu uja amene anafotokoza za utsi pamsonkhano anandipatsa chinangwa chowotcha n'kunena kuti makutu ake anagontha, sakumva zimene ndikunena. Izo ndinazimvetsa, anali mantha, ndipo mantha ndimawadziwa, ndinali nditakweza nawo dzanja. Chimene sindinachimvetse ndi cha kuchitsime. Ndinamva akazi awiri, amene anaima pamzere wokuwiza tsiku lija, akukambirana osadziwa kuti ndili kuseri kwa nthochi.

"Koma pa amuna onse aja anasankhiranji iwowo?"

"Ndi zimenezotu. Boma silimangoloza."

"Nanga nsapato zija anazitenga kuti?"

Nyemba anaziona ndi maso awo. Mmodzi wa iwo anathandiza nawo kupeta.

Ababa ndinawapeza kumunda, akupalira chinangwa. Anali atachepa thupi. Sanandifunse za mboni, anali atamva kale. Tinakhala pamzere, iwo akuchotsa dothi pakhasu ndi kamtengo.

"Ukaime pambendera," anatero.

"Ababa?"

"Ukawerenge pepalalo. Mokweza, asakubwereze."

"Likunena kuti munagulitsa anthu."

"Ndikudziwa chimene likunena. Khoma lanena, buku lanena, pakamwa pako pawonjezera chiyani? Nkhope yanga yapita kale. Sukulu isapitenso."

"Koma si zoona."

"Zoona ndikuzidziwa ine, amako akuzidziwa, iwe ukuzidziwa. Anyamata a paphiri aja, ngati ali moyo, akuudziwa mchere wanga. Zakwana. Iwe tenga pepala la sukulu, ukwere njinga yako ija. Ukadzakhala munthu udzakonza."

Ndinavomera. Ndinabwerera ku Milange nditatsimikiza mtima, ndipo panjira ndinkayeseza mawuwo kuti lilime lizolowere.

Lolemba m'mawa sukulu yonse inaima pamizere. Mbendera inakwera, tinaimba. A diretoro anandipatsa pepala, osandiyang'ana. Panali mizere isanu. Ndinawerenga woyamba, wonena kuti ndine wa kalasi yakuti, wochokera kwakuti. Ndinayamba wachiwiri. Pamenepo ndinaona m'maganizo ababa akulandira botolo lija ndi manja awiri, atawerama, kasanu ndi kawiri, akulephera kukhala wadyera ngakhale mongoyerekeza. Purofesoro anali ataima pambali ndi kabuku kaja, atatsegula tsamba lija kuti ana aone. Ndinaloza chithunzicho n'kunena m'Chinyanja, osati m'Chipwitikizi:

"Munthu uyu anali kungosewera."

Sikunali kulimba mtima. Pakamwa panangokana, monga mmene mimba imakanira chakudya chowola. Ndikanatha kumeza, ndikanameza.

A diretoro anatseka maso kwa kanthawi. Kenako ananena kuti nditenge zanga. Pofika masana dzina langa linali litafufutidwa m'kaundula, ndipo wachibale wa amayi uja anandiikira kamtolo kanga panja.

Ababa sanandiyankhule mwezi wathunthu. Atayankhula anangoti, "Ndinakutuma chinthu chimodzi. Tsopano ndataya ziwiri." Sanandiyamikepo, mpaka lero. Ndipo sindikudziwa ngati analakwa.

Ndinabwerera ku Milange kukasenza katundu pamalire. Ndi ntchito yosafuna pepala. Umadikira munthu wa matumba a nyemba kapena mabokosi a sopo, umayika nkhata pamutu, umawoloka, umabwerera. Anzanga a m'kalasi ena ankadutsa pomwepo atavala malaya oyera. Ena ankandipatsa moni, ena ankayang'ana phiri.

Tsiku lina lole ya boma inaima pafupi ndi msika, tayala litaphwa. Dalaivala anatsika akutukwana, n'kuitana wothandiza kutsitsa mabokosi kuti afikire tayala lina. Ndinamuzindikira asanatembenuke n'komwe. Anali wamfupi uja, wokonda kuseka. Tsopano ankayenda yekha ndi kanema, boma ndi boma, akuonetsa.

Ndinatsitsa mabokosi. Limodzi linali lachitsulo, lozungulira, lolemera. Ndinadziwa kuti ababa ali m'menemo.

"Akulu, mukukumbukira mudzi wa ku Majaua kumene munajambula nkhondo ya paphiri?"

Anaganiza pang'ono, kenako nkhope inawala. "Kwa mdala wa nsapato! Amene anakana kubwereketsa! Iii, tinaseka ulendo wonse. Ali moyo?"

"Ndi ababa anga."

"Usaname! Mphwanga, bambo ako ndi katswiri. Ukudziwa kuti kulikonse kumene ndapita, akangotulukira, anthu amagenda nsalu? Ndasoka nsalu imeneyi kangati! Komandante ujayo palibe amamukumbukira, koma mdala wa nsapato, dziko lonse."

Ankanena ngati akundipatsa mphatso.

Ndinamuuza zonse, za mzere wa mchere, za buku, za mbendera. Kuseka kunatha. Anakhala pa tayala n'kupukuta manja ndi kansanza kwa nthawi yaitali.

"Maina analipo," anatero. "Ndinawaona ndi maso anga asanatumize. Akuluakulu anati achotsedwe. Anati anthu akaona maina adziwa kuti ndi sewero, ndiye mtima sugunda."

"Wandevu uja anavomera?"

"Anakwiya tsiku limodzi. Pano ali kunja, akuphunzira zojambula."

"Lero mukuonetsa?"

"Kunyumba ya tiyi, dzuwa likapendeka."

"Muli ndi chimkuzamawu. Ndinakuonani, mumayankhula kanema asanayambe. Munene mawu anayi okha. Munthu uyu anali kungosewera. Simukunyoza boma, simukunena kuti nkhondo kunalibe. Anayi okha."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mabokosi. "Ndinena," anatero. "Mdala uja anatipatsa nthochi tsiku lonyamuka. Ndinena, mphwanga."

Ndinasiya katundu wa anthu pamalire, ndinapita. Ndinaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ziguduli zinali pamazenera monga kale, ana a sukulu pamizere yawo, purofesoro kutsogolo. Pampando wa pambali panakhala akuluakulu awiri a kuboma. Dalaivala analiza injini, anatenga chimkuzamawu, anachiwuzira kawiri. Anandiona. Ndikudziwa kuti anandiona, chifukwa anayang'ana pansi msanga. Kenako anayang'ana akuluakulu aja, anakweza chibakera n'kufuula viva, mfuu yotamanda boma. Nyumba inayankha. Anafuulanso, inayankhanso. Anazimitsa chimkuzamawu, nsalu inawala.

Ndinatuluka nsapato zisanaoneke. Ndili panja ndinamva nthangala za mango zikugunda khoma.

Nsapatozo zilipo. Zili kudenga, m'nyumba ya ababa, zokutidwa ndi chiguduli. Amayi anafuna kuzitentha, ababa anakana, anati nsapato sizinalakwe kanthu. Sazivala. Tchalitchi chotsekedwa, msika woletsedwa, azivala popita kuti? Ndikapita kumudzi ndimazitsitsa n'kuzipaka mafuta, iwo akundiyang'ana.

Anthu amandiuza kuti ndiiwale, kuti kanema ndi kanema. Amene amanena zimenezo bambo awo sanagendedwepo m'maboma onse a dziko lino. Ena amati cholinga chinali chabwino, anthu anayenera kuphunzira kudana ndi ogulitsa anzawo. Chabwino. Aphunzira. Sindikupempha kuti kanemayo atenthedwe, atsibweni akhale ndi chipewa chawo, phiri likhale ndi nkhondo yake imene silinaione. Sopo tinalandira, anatha kalekale, za iye sindikudandaula.

Zanga zoti andibwezere ndaziwerengetsa, ndipo si zambiri. Zaka ziwiri za sukulu, ndi mawu anayi, onenedwa mokweza, nsalu isanawale.